Buku la Mvula la Akazi Anga

Kuseri kwa nyumba yomwe ndimakhala, m'munsi mwa phiri la Michesi, kuli kampanda ka waya kolekeza m'chiuno. M'kati mwake munazikidwa chitini chachitsulo chokhala ndi fanulo pamwamba, ndipo m'mimba mwa chitinicho muli botolo lolandira madzi. Anthu a kuno amati geji ya mvula. Ndi katundu wa boma, koma amene anaisamala kuyambira ana athu ali kumsana mpaka nawonso atabereka awo ana ndi akazi anga, omwe anatisiya dzinja la chaka chatha.

Ine kwathu ndi ku Nkhulambe. Kuno ndinabwera chikamwini, ndipo nyumba, munda ndi ana, zonse zili pa dothi la kuchikazi. Mwambo wathu ngodziwika: mkazi akamwalira, mwamuna amamusudzula, natenga katundu wake kubwerera kwawo. Zimenezo sizinkandiopsa kwenikweni, poti ku Nkhulambe alongo anga aliko ndipo chinangwa sichisowa. Chomwe chinkandivutitsa mumtima chinali gejiyo. Ndikachoka, panalibe wina woiwerenga, ndipo a boma akanabwera kudzaizula, buku la akazi anga n'kutsekedwa pomwepo.

Ntchito yawo inali yomweyomweyo tsiku ndi tsiku. Eyiti koloko m'mawa ankatsekula kachitseko ka waya, n'kuvula fanulo, n'kutsanulira madzi a m'botolo m'kagalasi kakatali kokhala ndi mizere. Ankagwada kuti diso lilingane ndi pamene madzi alekezera, n'kuwerenga kawiri, kenaka n'kulemba m'buku lachikuto chakuda. Akataya madziwo ankapukuta kagalasi ndi kansalu kakekake, n'kubwezera chilichonse m'malo mwake. Mwezi ukatha ankakopera manambala pa fomu, ine n'kupalasa njinga kukaisiya ku ofesi ya zaulimi ku Boma. M'zaka zapitazi anayamba kutumizanso manambalawo pa foni, koma buku sanalisiye.

Chomwe chinkandidabwitsa, ngakhale poyamba chinkandiseketsa, chinali chilimwe. Mwezi wa Okutobala, kumwamba kuli mbee, nkhuku zili kukamwa yasa ndi kutentha, iwo ankapitabe. Ankavula fanulo, kusuzumira m'botolo louma, kulipendeketsa pa kagalasi ngati mutuluka kanthu, n'kulemba ziro.

"Amayi," ndinawafunsa tsiku lina, "kodi ziro ameneyu simungamulembe muli pakhonde pano? Ngakhale wakhungu akudziwa kuti sikunagwe mvula."

"Wakhunguyo alembe m'buku lake," anayankha choncho akupukuta kagalasi. "M'buku muno mumalowa zomwe ndaona."

Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale mpaka kupuma. Moyo wanga wonse ndinkauza ana kuti aziganiza paokha, asamangotsatira ngati nkhosa. Mwana wobwera ndi njira yatsopano yopezera yankho ndinkamuimiritsa kutsogolo kuti amuombere m'manja. Mwana wolemba mwaukhondo, wotsata ndondomeko mzere ndi mzere osaphonya, ndinkangomuchongera n'kupitirira. Sindinkamunyoza, komanso sindinkamuona. Ndipo kunyumba kwanga ndinali ndi munthu wotero, ndikudya naye mbale imodzi.

Iwo sankabisa chibadwa chawo. Kutchalitchi akapemphedwa kuti apeke nyimbo ya amayi kapena akonze kasewero ka Khrisimasi, ankachita thukuta. "Ine mundiuze chochita, chiyambire apa chithere apo, ndichita mpaka Yesu adzabwere," ankatero. Koma kalongonda wa pamudzi pano ankaphika ndi iwo. Nyemba zimenezi zimaledzeretsa, zimatha ngakhale kupha, wophika akafupikitsa njira. Zimafuna kuwiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso, tsiku lonse lathunthu. Amayi anzawo ankatopa, n'kumati zapsa basi. Akazi anga sankadumpha ngakhale madzi amodzi, ndipo kalongonda wawo anthu ankapatsa ana osaopa.

N'chimene chinawapezetsa ntchito ya geji. Alangizi a zaulimi a nthawi imeneyo anayamba apatsa gejiyo amuna awiri ophunzira, wina pambuyo pa mnzake. Woyamba ankalemba za sabata yonse Loweruka, akuyang'ana m'mwamba kukumbukira. Wachiwiri anali wanzeru kwambiri: ankayang'ana zithaphwi za pabwalo n'kudziwa nambala osatsekula n'komwe kachitseko. Alangiziwo atatopa anafunsa m'mudzi kuti ndani amachita chinthu chimodzimodzi masiku onse osatopa nacho. Anthu anaseka, n'kuloza kwathu.

Zaka zinadutsa ine ndikuyesa kuti ndi kantchito kongotayitsa nthawi. Ndinayamba kuona mwina pamene anadwala.

Anagonekedwa ku chipatala ku Boma mwezi wa Januwale, mvula ili pakati. Mwana wathu wamkazi ndiye ankawadikirira. Ine ndinafuna kumakhala konko, koma anandibweza.

"Abambo, kuno madokotala alipo, mwana alipo. Ku geji kuli ndani?"

Anandilembera ndondomeko pa kapepala, ngati mwana wa Sitandade 1. Ndinayamba kuwerenga geji m'mawa uliwonse, ndipo masana ndinkapita kukawaona buku lili m'jumbo. Ankalitsekula asanandifunse n'komwe za kunyumba.

Lamulungu lina ndinali ndi udindo wotsogolera mapemphero. Usiku wake inali itagwa yambiri. Ndinadzuka mutu uli pa mawu okalalikira, ndinavala jekete, n'kunyamuka seveni isanakwane kuti ndikakonze kuguwa. Za geji ndinazikumbukira tili pakati pa nyimbo yachiwiri, pamene mvula ina inayamba kuwomba malata a tchalitchi. Ndinafika kunyumba masana, n'kupeza m'botolo muli madzi a usiku ndi a m'mawawo atasakanikirana. Ndinayeza onse pamodzi. Kenaka ndinaganiza monga mphunzitsi wa masamu: ya usiku inagwa nthawi yaitali, ndiye itenge magawo awiri, ya m'mawa gawo limodzi. Ndinagawa bwinobwino, n'kulemba nambala yooneka mwaulemu. Mumtima ndinadziyamikira kuti ndakonza zinthu mwanzeru.

Lolemba ndinawapatsa buku. Anali atafooka, koma chala chawo chinatsika ndi mzere mpaka kuima pa Lamulungu.

"Iyi mwayeza nthawi yanji?"

Mwana wathu anayang'ana kumbali.

"Abambo, ndafunsa. Kuno inayamba cha m'ma teni. Inu teni koloko munali kuguwa. Eyiti koloko munali kuti?"

"Ndinali kutchalitchi, amayi."

"Ndiye nambala iyi yachokera kuti?"

"Ndinagawa. Sindinapite patali ndi zoona, ndikutsimikiza."

Sanakalipe. Anapempha cholembera, n'kundipatsa ine. "Dulani ndi mzere umodzi, ioneke. Musafufute. Pambali lembani kuti sinayezedwe pa nthawi yake, ndipo mulembe madzi onse monga munawapezera masana."

"Koma amayi, buku lonseli lilibe chilema. Ndiliipitse ine?"

"Mwaliipitsa kale. Pano mukulikonza." Anapuma kaye pang'ono, chifuwa chikuwavuta. "Munthu wa ku ofesi sadzabwera kuno kudzaona mvula. Maso ake ndi ineyo. Ndikamuuza zoganiza, ndamuboola maso iye osadziwa."

Ndinadula nambala ija ndi mzere umodzi. Ine amene dzulo lake ndinaima pamaso pa mpingo kunena za kukhulupirika pa zazing'ono, ndinaphunzitsidwa tanthauzo lake pa bedi la chipatala, ndi munthu amene sanalalikepo chibadwire.

Anamwalira patapita masabata awiri.

Tsiku loika maliro kunacha ndi mvula yowaza. Ndinali nditakhala pamphasa pakhonde, pakati pa amuna, monga ayenera kukhalira mwamuna wofedwa. Amayi ankaimba m'nyumba. Nditayang'ana wotchi ndinaona kuti eyiti yatsala pang'ono, ndipo miyendo inangonyamuka yokha. Ndinalowa kuchipinda, kutenga buku ndi kagalasi, n'kuzungulira kuseri. Ndinamva kung'ung'udza kumbuyo kwanga. Nditagwada kuti diso lilingane ndi madzi, mawondo anga analowa m'timaenje tiwiri tomwe mawondo awo anakumba pa dothilo m'zaka zonsezo. Pamenepo ndi pamene ndinalira.

Pobwerera ndinakumana ndi alamu anga, mchimwene wamkulu wa malemu, amene ndi mwinimbumba. Ndi munthu wa mawu okweza, mlimi wa nandolo, wokonda nthabwala ngakhale pamaliro, koma tsiku limenelo sanaseke.

"Alamu, anthu akulira mlongo wanga, inu mukuyeza madzi?"

"Akanakhala iwo akanayeza," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchoka.

M'masabata otsatira, podikira tsiku losudzula, ndinayamba kuwerenga mabuku akale. Analipo ambiri, atasanjidwa m'katoni pansi pa bedi, atakulungidwa m'pulasitiki kuopa chiswe. Ndinkayesa kuti ndipezamo manambala okhaokha, koma ndinapezamo moyo wathu wonse. Tsiku lomwe anabadwa mwana wathu womaliza, nambala ilipo, yolembedwa mokhota, poti anayeza kaye asanapite kuchipatala. Chaka cha njala, ziro atandandalika tsamba ndi tsamba m'miyezi yomwe chimanga chimafuna madzi, aliyense wozungulira bwino ngati mnzake, osaonetsa kuti wolembayo anagona ndi njala. Masiku amene phiri linagumuka ndipo madzi anatsika ndi miyala, analemba kangapo pa tsiku limodzi, chifukwa botolo linkadzaza iwo n'kumakhuthula, anthu ena onse akuthawira kumtunda. Ndinakumbukira kuti ndinawakalipira tsiku limenelo. Panalibe tsamba lodumphidwa. M'katoni monsemo, chilema chinali chimodzi chokha, cha dzanja langa.

Ndinakhala pansi ndi mabukuwo ndili ndi mantha ngati amene munthu amamva akalowa m'tchalitchi mopanda anthu. Ndinaganiza za dzuwa, lomwe silinayambe latulukira kumadzulo pofuna kuonetsa luso. Ndinaganizanso za ana aja ndinkangowachongera n'kupitirira. Ena mwa iwo lero ndi amene amayeza magazi ku chipatala, amasunga mafayilo ku Boma, amasakaniza mankhwala a m'madzi akumwa. Tonse timagona tulo chifukwa iwo sasintha njira.

Tsiku losudzula linafika chimanga chitayamba kuuma. Alongo anga anabwera kuchokera ku Nkhulambe, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, akuchikazi mbali iyi, ife mbali iyo. Mwana wathu wamkazi anapempha kuti ndikhale, koma iye amakhala kutauni ndi banja lake, ndipo mawu ake sanalemere. Alamu anayankhula mosapsatira.

"Aphunzitsi takhala nawo bwino, palibe amene angawanenere choipa. Koma tinaonapo kwina. Mkamwini akatsala, chaka chino ali yekha, chaka chamawa wabweretsa mkazi wina, chaka chinacho munda wa mbumba wasanduka wake. Mwambo unaikidwa kuti tisiyane tikukondana."

Sindinawaweruze. Ankanena zomwe zinachitikadi m'midzi ina, ndipo kusunga dothi la alongo awo ndi udindo wawo. Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti andilole ndidikire mpaka a ku ofesi abwere kudzaona za geji.

"Chitini chomwechi?" anatero alamu. "Mukachimange pa kaliyala, muzikayeza mvula ya ku Nkhulambe. Kapena kumeneko siigwa?"

Anthu anaseka, inenso ndinamwetulira. Koma anavomera kudikira.

A ku ofesi anabwera Lachinayi lotsatira pa njinga yamoto. Anali mayi wachitsikana wochokera kumpoto, woyankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Alamu anabwera nawonso, ati kudzaonerera chitini chikuzulidwa. Tinakhala pakhonde, ine n'kutulutsa katoni ija.

Mayiyo anatsekula buku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ankangotembenuza masamba pang'onopang'ono, ngati akuopa kuwapweteka.

"Bambo, mukudziwa chomwe muli nacho apa? Masiteshoni ambiri marekodi ake ndi odukaduka. Mwezi uno alemba, mwezi winawo wolemba wapita kumaliro, kapena wasamuka. Ife tikamauza alimi nthawi yodzala, kapena mainjiniya akamafunsa kuti mlatho ukwere bwanji, timadalira mabuku ngati awa."

"Ndiye aphunzitsiwa achitenge chitinicho apite nacho kwawo, azikapitiriza," anatero alamu.

"Sizitheka, bambo. Mvula ya pansi pa Michesi si ya ku Nkhulambe. Geji ikasuntha, rekodi iyi yathera pomwepo, kwinako tiyamba pa ziro. Ndipo pakapanda munthu wodalirika pano, ndiyenera kuizula lero."

Anafika pa buku lomaliza, ndipo chala chake chinaima pomwe chinaima chala cha akazi anga.

"Apa panachitika chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti ndinangochedwa pang'ono, n'kulakwitsa polemba. Palibe akanatsutsa, poti mboni ina inali kumanda, ina kutauni. Ndinadziwanso kuti ndikanena zoona, mayiyu akhoza kuona kuti sindine wodalirika, n'kuzula geji. Koma buku limenelo linali pamiyendo pake lili chitsekulire, ndipo pamaso pa buku limenelo bodza silikanatuluka m'kamwa mwanga. Ndinafotokoza zonse, za jekete, za nyimbo yachiwiri, za magawo awiri ndi gawo limodzi, ndi za cholembera cha m'chipatala.

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi! Akulu a mpingo! Kunamizira mvula!"

Mayi uja sanaseke. "Chichitikireni zimenezi, mwaphonyapo tsiku?"

"Ayi."

"Ngakhale tsiku la maliro sanaphonye," anatero alamu, kuseka kutawathera. "Ndinawaona ndi maso angawa. Ndinkayesa kuti mutu wawasokonekera."

"Buku lopanda chodula chilichonse ndimayamba ndalikayikira," anatero mayiyo. "Ili ndalikhulupirira kale, koma mzere uwu wandiuza kuti nambala iliyonse yosadulidwa inayezedwadi. Bambo, ngati mukhala pano, geji ikhala. Ngati muchoka, ndiuzeni ndiyambe kumasula."

Onse awiri tinayang'ana alamu. Iwo anatenga limodzi la mabuku akale, n'kumalitembenuza ndi zala zawo zokhakhala. Sadziwa kuwerenga kwambiri, koma manambala ndi miyezi amazidziwa. Anafunsa kuti ndiwapezere chaka chomwe anamwalira mayi awo, apongozi anga. Nditawapezera tsikulo, anayang'anitsitsa.

"Inagwadi," anatero motsitsa mawu. "Manda anadzaza madzi, tinachita kukapa ndi ndowa. Ndiye mlongo wangayu anayeza kaye asanapite kukaika mayi ake?"

"Anayeza."

Anatseka buku, n'kulipukuta ndi mkono wa malaya ngakhale panalibe fumbi.

"Mwambo tichita, alamu. Tikusudzulani, mukhale mfulu, alongo anu asatinene. Koma munthu woulula yekha bodza la madontho a mvula, palibe womufunsa mboni, ameneyo sangatibere munda. Khalani. Muziyeza chitini cha mlongo wanga." Ananyamuka, n'kutembenuka ali pa njinga. "Koma mukadzafuna kukwatira, mkaziyo akakhale ku Nkhulambe. Kuno mwakwatira geji."

Anandisudzula Loweruka lotsatira, ndipo alongo anga anabwerera okha.

Tsopano chaka chatha ndi miyezi. Ndimadzuka, kupemphera, kusesa pakhomo, ndipo eyiti ikamakwana ndimakhala nditaima pa kachitseko ka waya. Ndinkaopa kuti ntchito yobwerezabwereza idzanditopetsa, ine wozolowera kufuna zatsopano. Sizinatero. M'masiku oyamba aja, pamene nyumba inali zii ndipo ndinalibe chifukwa chodzukira, eyiti koloko ndi imene inkandidzutsa. Ndinapempha mpingo kuti Lamulungu ndizifika mochedwerapo, ndipo anavomera.

Mvula zoyamba zikagwa, alamu amatulukira ndi njinga yawo, khasu lili pa kaliyala.

"Aphunzitsi, yagwa yokwana kudzala, kapena ikutinamiza?"

Ndimawauza kuti adikire. Ndimavula fanulo, kutsanulira m'kagalasi, kugwada m'timaenje tija, n'kuwerenga kawiri.

"Fulumirani, inu! Ongoyang'ana dothi tadziwa kale!"

"Ndiye pitani mukadzale," ndimatero.

Sapita. Amaima pomwepo atagwira waya, mpaka nditalemba.